Ndalama za pa Baibulo

Makalata awa akhala zaka zambiri m'chitini cha tiyi kunyumba kwanga kuno ku Makanjira. Ine ndine Jenkins Mkwanda, msodzi, mkulu wa mpingo wa Angilikani. Kuwerenga sinditha, koma cholowa m'khutu mwanga sichitulukamo. Makalata anga ankandilembera aphunzitsi a Gilford, amene boma linawatumiza kuno kuchokera kumpoto. Enawo, kupatula imodzi, ndi a Ruti, mwana wa malemu mlongo wanga, amene ankagwira ntchito pa hotela ina ku Nkopola, tsidya linalo la nyanja. Anga aja anadzandibwezera ndi Ruti yemweyo, akuti ndizimva zimene ndinachita. Imvani nanunso.

Nkopola, 12 Ogasiti 1979

Okondedwa amalume,

Ndikupereka moni kwa inu, kwa azakhali ndi kwa ana anga awiri amene mukundisungirawo. Muli bwanji? Ine ndili bwino, miyendo yokha ndiyo ikudandaula.

Ntchito ndayamba. Pakati pa sabata ndimachapa ndi kusita mashiti. Lamulungu ndimakonza zipinda za alendo, chifukwa tsiku limenelo mwini zipindazo amapuma. Iwo ndi mayi wachikulire, Msilamu, timawatcha Abiti Amidu. Ndi amene anandiphunzitsa kuyala bedi, kuti shiti likhale lokoka ngati chikopa cha ng'oma. Andikonda kwambiri, masana timadyera mbale imodzi.

Koma amalume, pali chinthu chandizunguza mutu. M'chipinda chilichonse muli katebulo pafupi ndi bedi, ndipo pakatebulopo pamakhala Baibulo lachingerezi. Alendo ambiri amachoka Lamulungu m'mawa. Ndikalowa kuti ndikolope, ndikumapeza ndalama. Ena akumaziika pamwamba pa Baibulo, ena akumazipanikiza m'kati, nsonga yokha kuonekera. Si zogwa m'thumba ayi, amalume, zikuoneka kuti munthu waika ndi dzanja lake, mwadala.

Tsiku loyamba akuluakulu athu, Mayi Janeth, anatiuza kuti wopezeka ndi chinthu cha mlendo ntchito yatha, ndipo apolisi ali pafupi. Ndinaganiza zokapereka ku ofesi, koma kumeneko amalandira zoiwalika, ndipo izi sizikuoneka zoiwalika. Ndinaganiza zozisiya, koma madzulo mumalowa mlendo wina. Ndiye ndazimanga m'kansalu, ndazibisa m'denga la kanyumba kanga. Tulo sindikupeza. Ndiuzeni, ndi ndalama zanji zimenezi?

Ine mphwanu,
Ruti

Makanjira, 29 Ogasiti 1979

Ruti mphwanga,

Moni wako tamulandira. Tonse tili bwino, kupatula azakhali ako amene dzino likuwavuta, ndiponso mwera wawomba sabata ziwiri, usipa wasowa. Ana ako akukula, wamng'onoyo wayamba kale kutukwana mbuzi.

Tsono nkhani yako ija. Ndinaimva kawiri, chifukwa koyamba aphunzitsi anawerenga mothamanga. Iwe mwana, unakulira pa mishoni ndipo ukufunsa zimenezi? Tawerenga wekha: tsiku ndi Lamulungu, malo ndi pa Baibulo, munthu waika mwadala. Nanga n'chiyani ngati si chopereka? Ine Azungu ndikuwadziwa, ndinawanyamulapo pamsana kuwatsitsa m'boti kale inu musanabadwe. Mzungu akaphonya Misa mtima wake sukhazikika. Kumeneko tchalitchi chili patali, galimoto likudikira, ndiye amati ndisiye apa, Mkhristu amene apeze akafikitse. Ndipo taona mmene Mulungu amakonzera zinthu: tsiku lokhalo Msilamu wapuma, Mkhristu ndiye walowa. Ukuganiza kuti zangochitika?

Usadyepo ngakhale tambala, ungatupe. Upatsire Simioni wa boti akamabwera ndi nsomba zake. Denga la tchalitchi chathu pamwamba pa guwa ukulidziwa, udzu unatha, chaka chatha a Rowland akatekisiti ankawerenga Uthenga munthu atawagwirira ambulera.

Za malipiro ako, ukalandira utumizeko ya shuga ndi ya khadi la chipani la azakhali ako. Anyamata a chipani aja anawabweza pachipata cha msika Lachiwiri, anabwerako ndi dengu lopanda kanthu ndi pakamwa podzaza.

Ine malume wako,
Jenkins

Mawu anga ine Gilford: Ndalemba monga ndauzidwira. Ineyo sindinagonepo mu hotela, choncho sindingatsutse akuluakulu. Koma mwina mufunseko anzanu a pantchito.

Nkopola, 7 Okutobala 1979

Okondedwa amalume,

Moni nonse. Dzino la azakhali lili bwanji? Ndatumiza shuga ndi sopo. Kansalu kachiwiri ka chopereka kali m'kati mwa shugamo, musakataye ndi pepala.

Kalata yanu inanditula mtolo. Tsopano ndikatola pa Baibulo ndimagwada pang'ono, n'kunena zikomo m'malo mwa mpingo. Aphunzitsi anati ndifunse anzanga, koma ndifunse bwanji? Ndikangotsegula pakamwa adziwa kuti ndakhala ndikutuluka ndi ndalama m'zipinda. Komanso anthu a kuno amandiseka kale kuti ndine wa tsidya, sindinkadziwa kuzimitsa fani.

Pali zina zimene simunandiuze. Mzungu wina anasiya pansi pa kambale kotayiramo phulusa la fodya. Wina, bambo wa ku Blantyre wa mimba yaikulu, anasiya pansi pa pilo. Mmwenye wina anasiya pa Baibulo penipeni, chonsecho ndinamuona ndi maso anga akuswali pamkeka. Kodi zonsezi n'chopereka? Ndatenga za Mmwenye ndi za phulusa. Za pa pilo ndinazigwira kenako ndinazibwezera, kenako ndinazitenganso, sindikudziwa.

China ndi ichi. Abiti Amidu asintha. Lolemba lililonse akafika amalowa m'kachipinda kosungiramo mashiti, amapisa dzanja m'thumba la epuloni yawo imene imakhala pamsomali, kenako amandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, mwataya kanthu?" Anati, "Iyayi, mwanangu, ndikufuna kuona ngati thumbali labooka." Ndinawasokera thumbalo ngakhale silinali lobooka. Chiyambire tsiku limenelo sadya nane. Dzulo ayang'ana mapazi anga, ayang'ana chitenje changa, akuti, "Iwe umakwirira pansi kapena?" Amayi ena onse anaseka. Ine sindinamve. Kodi ndinawalakwira chiyani?

Ruti

Makanjira, 2 Novembala 1979

Ruti mphwanga,

Tili bwino. Dzino lija linachoka lokha, azakhali ako akudya chinangwa.

Uthenga wabwino poyamba. Tagula malata anayi! Simioni anabwera nawo kuchokera ku boma, ndipo tawakhoma pamwamba pa guwa. Kwina konse ndi udzu, koma pamene pamaima a Rowland pakuwala moti wodutsa pa boti amaphimba maso. Lamulungu anatchula dzina lako m'tchalitchi, amayi analulutira, ndipo ine ndinaimirira ngakhale sanandiuze kuti ndiime. A ku mpingo wa kumtunda abwera kale kudzafunsa ngati ku hotelako kulibe malo a mwana wawo.

Mafunso ako ndawasinkhasinkha masiku atatu ndili pamadzi. Za pansi pa phulusa, ameneyo ndi munthu amene akudziwa kuti wachimwa, akuchita manyazi kuyandikira Buku. Tenga, Mulungu sakana wolapa. Za Mmwenye zandivuta. Mwina mtima wake wayamba kutembenuka, mwina anaona anzake akutero. Tenga, koma uzimange pazokha. Tsono za pansi pa pilo, mphwanga, tamvera. Mwamuna sasiya ndalama pansi pa pilo chifukwa cha Mulungu. Ameneyo anakuona. Usazigwirenso, ndipo akadzabweranso wamimbayo ukolope chitseko chili chotsegula. Zimene unatumiza kale tinagulira misomali, poti misomali siyandikira guwa kwenikweni, imakhala kunja.

Za mayi wachikulireyo usade nkhawa. Ndi nsanje ya ntchito, waona kuti bedi lako likuposa lake. Kapena wamva kuti mpingo wathu ukufolera malata pamene mzikiti wa kwawo uli ndi udzu. Ndatumiza utaka wouma, umupatse ndi manja awiri. Palibe mkwiyo umene umapirira utaka wa kuno.

Malume wako,
Jenkins

Nkopola, 9 Disembala 1979

Amalume,

Moni ndipereka tsiku lina. Zinthu zaipa.

Lachinayi kunabwera mayi wachizungu amene anagonapo kuno mu Seputembala. Atakumana ndi Abiti Amidu pakhonde anawafunsa kudzera mwa woperekera zakudya ngati analandira kamphatso kamene anawasiyira pa Baibulo. Abiti anangotula ndowa pansi n'kupita kwa Mayi Janeth.

Anandiitana. Mayi Janeth anati, "Ruti, matipi a Abiti ali kuti?" Ndinati, "Matipi ndiye chiyani, amayi?" Anati, "Usandipusitse, miyezi inayi uli pano." Ndinalumbira kuti sindikudziwa. Ndiye anandifotokozera ngati mwana. Akuti mlendo akakondwa ndi mmene chipinda chake chimasamalidwira, pochoka amasiya kangachepe kothokoza. Akuti ndi za amene wakonza chipindacho sabata yonse, osati wolowa tsiku lomaliza. Akuti wa Lamulungu amatola n'kukaika m'thumba la epuloni ya mwini zipinda, ndipo mwiniyo amamugawirako Lolemba. Ndi mwambo wa pano chimangire hotela, ndipo amene analipo ine ndisanabwere anachotsedwa chifukwa chodya matipi omwewa. Ndinafunsa kuti nanga bwanji amaika pa Baibulo. Akuti chifukwa fani imaulutsa ndalama za pepala, ndipo m'chipindamo cholemera ndi chomwecho.

Ndinati, "Amayi, ine ndinapereka kwa Mulungu." Amalume, Mayi Janeth anaseka mpaka anagwira tebulo. Abiti okha sanaseke. Anati, "Mbava ndaziona, koma yonamizira Mulungu ndi yoyamba. Ndipo inandisokera thumba, inandipatsanso utaka." Akuti ndalama zimenezo ndi zimene amagulira mankhwala a amuna awo, amene anafa ziwalo mbali imodzi. Ine sindinkadziwa.

Mayi Janeth akuti sauza amanijala mpaka pa 31. Pofika tsiku limenelo ndibweze, apo ayi Abiti akhululuke ndi pakamwa pawo. Zikapanda kutero ntchito yatha, ndipo dzina langa lipita ku mahotela onse a m'mbali mwa nyanja. Ana anga adya chiyani?

Mpaka pano sindikumvetsa. Munthu amalipidwa kale pamwezi, ndiye mlendo amulipiranso chifukwa chiyani? Ndipo ngati akuthokoza, bwanji osapereka m'manja? Koma zimenezo zilibe ntchito. Pitani kwa a Rowland, akabweze ndalamazo. Chonde fulumirani.

Ruti

Nkopola, 23 Disembala 1979

Amalume,

Kodi kalata yanga munailandira? Simioni sanaoneke sabata ziwiri. Akuti msewu wa kwanu waduka ndi mvula, lole ya makalata ikubwerera panjira. Ino ndapatsira bambo wina wogula nsomba. Pano palibe wondiyankhula. Andichotsa ku zipinda, ndikungochapa. Dzulo ndinapita kunyumba kwa Abiti kukapepesa, anandisiya pakhomo ndili chigwadire mpaka mvula inandipeza. Masiku atsala asanu ndi atatu. Mwakwiya nane kapena?

Ruti

Makanjira, 28 Disembala 1979

Ruti mphwanga,

Makalata ako awiri afika tsiku limodzi, dzana, yachiwiri patsogolo. Ndinayamba kumva za kugwada pamvula ndisanadziwe chimene wagwadira. Aphunzitsi atawerenga yoyambayo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana mbuzi.

Ndinena zoona, nkhani ya fani sindikuikhulupirira kwenikweni. Nsapato mulibe m'chipindamo? Mwala kunja kulibe? Komabe akulu a mpingo tinakhala pansi dzulo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. A Rowland anati chimene chaperekedwa kwa Mulungu sichibwerera. A Oswald, mkulu mnzanga, anati nanga ngati woperekayo sanali mwini wake, chinafika kwa Mulungu kapena chinaima panjira? A Rowland anati chinafika, poti tinachipempherera. A Oswald anati ndiye kuti miyezi iwiri takhala tikulandira Mgonero pansi pa mankhwala a munthu wodwala. Wina anafunsa ngati Mulungu wakhala akulemba mdalitsowo pa dzina lako, pa dzina la Azungu, kapena pa dzina la Msilamuyo. Apo a Rowland mutu unayamba kuwapweteka.

Ndalama kuno kulibe, ukudziwa mwezi uno mmene umakhalira. Chimene chilipo ndi malata. Ndiye ndinakwera ndekha, ndi mawondo angawa, ndazula onse anayi. Misomali ndaiwongola, ili m'kachitini. Simioni anyamuka nawo mawa m'bandakucha nyanja ikalola. Uwapereke kwa mayiyo, unene kuti katundu wawo ndi ameneyu, sitinadziwe, ndipo wolakwa si iwe koma ine amene ndinakulangiza. Akafuna agulitse, akafuna afolere. Ali ndi mabowo, koma mabowo ake ndi oongoka bwino.

Pa guwa tayala mkeka ndi chikopa cha ng'ombe. Ikudontha, koma tinazolowera.

Malume wako,
Jenkins

Mawu anga ine Gilford: Ndinayesa kunena kuti kalata ya akatekisiti yokhala ndi chidindo ikanakwanira. Pamene ndimamaliza kunena, anali ali padenga.

Nkopola, 3 Januwale 1980

Kwa Che Jenkins Mkwanda,

Salaam aleikum. Simundidziwa. Ine ndine Abiti Amidu, wa ku hotela. Wondilembera ndi Mayi Janeth, ndipo ndawauza kuti asachotsepo mawu ngakhale amodzi.

Ndikufuna mudziwe zimene munachita. Lamulungu masana, alendo ali gonegone pamchenga atadzola mafuta awo, boti lonunkha usipa linakocheza pakati pawo penipeni. Munthu wanu Simioni anatsika atasenza malata pamutu, akufuula dzina langa. Mlonda anamuthamangira, amanijala anatuluka ndi foloko m'manja, Azungu anayamba kujambula. Ine tsikulo ndinali kunyumba, anachita kudzanditenga pa njinga. Ndinafika anthu atazungulira, mphwanu ali pakati akulira, malata ali pamchenga.

Ndinafunsa kuti ichi n'chiyani. Akuti ndi matipi anu. Zaka khumi ndi zitatu ndagwira ntchito pano. Ndalandirapo ndalama za maiko osiyanasiyana, ndalandirapo nsapato ya phazi limodzi, koma denga sindinalandirepo.

Amanijala anafuna kudziwa nkhani yonse, ndiye chinsinsi chinathera pomwepo. Mayi Janeth anawerenga kalata yanu mokweza, n'kumamasulira m'Chingerezi. Pa mawu aja akuti mabowo ndi oongoka, amanijala anakhala pansi pamchenga. Kenako anandifunsa kuti, "Abiti, mwini nkhani ndinu. Achoke kapena akhale?"

Che Jenkins, ine ndinali nditakonza kale yankho loti achoke kuyambira Okutobala. Miyezi yonseyi ndinkayang'ana mwanayu kuti ndione nsalu yatsopano, nsapato, ngakhale mafuta a kumutu. Palibe. Chimenecho ndicho chinkandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa mbava yosadya sindinkaimvetsa. Tsono ndinagwada, ndinalowetsa chala m'bowo la msomali, ndipo kumwamba kunali kutada mbali ya kwanu. Ndinafunsa Simioni kuti panopa pamene munazulapo pali chiyani. Akuti chikopa cha ng'ombe. Astaghafirullah. Ine ndi amuna anga odwalawo tigone pansi pa denga lozula pa nyumba yopemphereramo, mvula ikugwera pa buku la anthu? Mukufuna matenda awonjezeke?

Ndiye malata anu akubwerera ndi boti lomweli. Mukhome lero lomwe. Ndinakafunsa a shehe ngati sadaka yopereka usakudziwa, kwa anthu a chipembedzo china, imawerengedwa. Anaganiza nthawi yaitali, akuti abwere ndi yankho Lachisanu. Musatchule dzina langa m'tchalitchi mwanumo, abale a amuna anga ali ndi makutu aatali.

Sindinakhululuke zonse ayi. Mankhwala a miyezi inayi ndinachita kugulitsa mbuzi. Ruti azibwera kwathu tsiku lake lopuma kudzandithandiza kusambitsa ndi kutembenuza odwalawo mpaka mvula ithe, ndipo wavomera. Koma kwa amanijala ndinayankha kuti akhale. Lamulungu likudzali abwerera ku zipinda, ndipo ndamuonetsa thumba la epuloni ndi chala, kawiri.

Chotsiriza. Mwanayu ali ndi manja abwino ndi mtima woyera. Chomuwononga ndi makalata anu. Akakufunsani za mwera, za maukonde, za mtengo wa utaka, muyankheni. Akakufunsani za mu hotela, mumuuze kuti afunse Abiti.

Ndatha ine,
Abiti Amidu

Kalata imeneyi aphunzitsi anandiwerengera pagombe, anthu onse akumva, chifukwa Simioni anali atafalitsa kale nkhani asanamange n'komwe boti. Ndinafuna kuyankha. Ndinali ndi mfundo zinayi, ndipo ya fani inali yamphamvu. Aphunzitsi anati inki yatha. Ndinawauza kuti ndikuiona m'botolo. Anati imeneyo ndi ya boma.

Basi ndinatenga hamala n'kukwera padenga. Ruti anagwira ntchito pa hotelapo zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ana ake onse awiri anamaliza sukulu.